Ingovomerani Kuti Ndigone

Pakati patafika miyezi isanu ndi iwiri, Idah anasiya kugona. Sikuti tulo tinamuthawa ayi, tinali tothinana m'maso, koma miyendo ndiyo inakana. Dzuwa likangolowa kuseri kwa mibulugamu ya pa esiteti, iye n'kukhala pansi kuti apume, zinkayamba. Sunali ululu woti munthu n'kulira mayo. Zinkangoyendayenda m'kati mwa akatumba ngati mwalowa nyerere, kukoka, kunyerenyesa, mpaka munthu adzuke asakufuna. Akaimirira n'kuyenda, zii. Akangogona, zayambanso.

Amene ankamugwira mtima kuti asapenge anali mwamuna wake, Elson. Iyeyu ankagwira ntchito m'fakitale ya tiyi, ku makina oumitsa masamba, ndipo pamudzipo anali mkamwini wochokera ku Phalombe, wopanda m'bale ndi mmodzi yemwe pafupi. Anali munthu wa mawu ochepa, wa Sabata, wosamwa ngakhale tiyi yemweyo amene ankamununkhira m'malaya tsiku ndi tsiku. Akaweruka ankafunditsa madzi, n'kuviika kansalu, n'kumamuthowa mkazi wake miyendo. Zikakanika ankamugwira dzanja n'kumazungulira naye nthochi za kuseri kwa nyumba, kamodzi, kawiri, kakhumi, mpaka Idah anene yekha kuti basi.

Koma pabwalo lomwelo panali nyumba ya amayi ake a Idah, a Teleza, moti munthu akatsokomola uku, uko amva. A Teleza anathyola tiyi zaka makumi atatu dengu lili kumsana, analera Idah okha, ndipo nkhani za uchembere sankafuna kuuzidwa ndi munthu. Mapiritsi owonjezera magazi amene Idah analandira kusikelo anamulanda tsiku lomwelo, amvekere amakulitsa mwana m'mimba, mapeto ake munthu amachira ndi mpeni. M'malo mwake ankamufulira tiyi, m'mawa, masana pa chakudya, madzulonso, wofiira ngati dothi la m'munda. “Imwa, magazi ndi amenewa. Ife tinaberekera tiyi yemweyu,” ankatero. Ankamukonda mwana wawo, izi zokha palibe angatsutse, kungoti chikondi chawo chinali chopanda makutu.

Mvula itagwa tsamba linachuluka, fakitale inayamba kulira usana ndi usiku, ndipo Elson anayamba kufika mochedwa. Tsiku lina m'mawa a Teleza anapeza Idah atatsamira khoma, maso ali psuu.

“Kodi amuna akowa akumafika nthawi yanji masiku ano?”

“Tsamba lachuluka amayi, akugwira ovataimu.”

“Ovataimu,” anabwereza a Teleza, akukoka mawuwo. “Mwana wanga, tsegula maso. Ili ndi tsempho. Mwamuna akayenda kumbali mkazi ali ndi pakati, matenda amagwera mkaziyo, ndipo amayambira kumiyendo. Akusempha ameneyu.”

“Ayi amayi, a Elson sangatero.”

“Inenso ndinkatero! Ndili ndi pakati pa iweyo miyendo yanga inkachita chimodzimodzi, usiku wonse ndili chiimire. Bambo ako anakana, analumbira, analira misozi. Atsibweni ako anawapirikitsa, ndipo nditangochira iwe zonse zinatha. Ukufuna umboni wina wotani?”

Idah sanawaonepo bambo akewo, ankangomva kuti anali munthu wachimasomaso amene anamwalira kwawo ku Chikwawa iye ali sitandade 3. Tsiku limenelo sanakhulupirire za amayi ake. Koma munthu wosagona mutu wake suchedwa kulandira alendo, ndipo pomatha sabata, Elson akachedwa, Idah ankadzipeza akununkhiza malaya ake mwakabisira. Ankangomva fungo la tiyi, n'kuchita manyazi yekha.

Lamlungu masana a Teleza anaitana mlongo wawo, a Jeremiya, amene anali nkhoswe ya Idah. Nkhoswe ya ku chimuna sanaidikire, amvekere ku Phalombe n'kutali ndipo moyo wa munthu sudikira minibasi. A Jeremiya anakhala pampando wokhawo wa pakhomopo. A Teleza anakhala pamkeka chapatali atapotolokera kumbali, monga achitira munthu ndi mpongozi wake. Elson anapatsidwa njerwa kuti akhalepo.

“Bambo, nkhani ndi yaifupi,” anayamba a Jeremiya. “Mwana wathu akudwala, ndipo matendawa tikuwadziwa. Mankhwala tapeza kale. Chatsala n'choti muvomere pamaso pa mkazi wanu kuti munayenda, muthire mchere m'mankhwalamo ndi dzanja lanu, mumumwetse. Zikatero zatha, palibe akuimbeni mlandu. Amuna tonse timaphonya.”

Elson anapukusa mutu. “Atsibweni, ndivomere chinthu choti sindinachite? Pitani kufakitale mukafunse akapitawo nthawi imene ndimaweruka.”

“Akapitawo ndi mwamuna mnzanu, angakuyalutseni?”

“Ndiye tiyeni naye kuchipatala mawa. Ndanena kangapo konse.”

“Chipatala chikudziwa chiyani za tsempho?” analowerera a Teleza, osatembenuka. “Mukufuna mwana wanga afe ndi pakati chifukwa cha manyazi anu? Ngati simuvomera, pano si panu. Nyamulani zanu.”

Pamenepo Elson anatembenukira kwa mkazi wake. “Idah, iwe ukundidziwa. Auze.”

Idah anali atatha masiku anayi osagona tulo tenitenti. Ngakhale pamkeka pomwepo miyendo inali itayamba, ankangoipinda n'kuiwongola, kuipinda n'kuiwongola. Anayang'ana botolo la mankhwala lili pambali pa a Jeremiya, ndipo m'mutu mwake munalibe china koma tulo. Misozi inatsika yokha.

“Bambo, ingovomerani,” anatero akusisima. “Kaya munachita kaya simunachite, ingovomerani kuti ine ndigoneko. Ndatopa ine.”

Elson anamuyang'ana mkazi wake ngati akumuona koyamba.

“Kaya ndinachita,” anatero chapansipansi. “Watero, Idah?”

Anadzuka, nalowa m'nyumba. Anatuluka ndi chikwama chimodzi, Baibulo lake ndi nsapato za kuntchito m'manja. Munthu amene sanakwezepo mawu pakhomopo anamenyetsa chitseko mpaka dothi linayoyoka pakhoma. Sanatsanzike aliyense. Anatsika njira yodutsa m'munda wa tiyi kulowera kukomboni, komwe mnzake wina wa m'fakitale anali ndi kachipinda.

A Teleza anati zatha bwino, woipa wadziulula yekha. Mankhwala aja anamumwetsa okha, mchere anathira a Jeremiya. Idah anamwa botolo lonse, kenako lachiwiri, koma miyendo sinamve kanthu.

Masabata atatu otsatirawo Idah anadziwa kuti kusungulumwa n'chiyani. Masana zinkapiririka, ankasesa, kuphika, kupalira nandolo pang'ono. Chinkamuopsa ndi madzulo. Anzake onse akamalowa m'nyumba kukapuma, iye ndiye ntchito yake inkayamba. Kunja yekha ankaopa, choncho ankayenda m'nyumba momwemo, kuchokera pachitseko kukafika pazenera, mapazi asanu ndi awiri, n'kubwereranso. Nthawi zina ankafunditsa madzi kuti adzithowe, koma mimba inkamutchinga, manja osafika bwino kumapazi. Ankangokhala pamphepete pa bedi, madzi n'kuzizira m'beseni, iye akulira mosatulutsa mawu kuti amayi ake asamve.

Foni ya Elson inkaitana mpaka kuduka yokha. Kumjigo amayi anzake ankati akamuona n'kusiya nkhani, kenako n'kuyamba kumumvera chisoni mokweza. “Pepa mwana iwe, amuna ofatsawa ndiye oopsa.” Chisoni chimenecho chinkamupweteka kuposa kunyozedwa, chifukwa mumtima ankadziwa kuti dzina la mwamuna wake analiponya yekha m'matope. Ankamva kulira kwa fakitale patali, n'kumadziwa kuti Elson ali m'menemo, mtunda woti munthu n'kuyenda ola limodzi lokha. Koma akapita akanena chiyani?

Lachiwiri lina m'mawa, kuli chiperoni, nkhungu ndi kamvula kowaza kozizira, Idah anawerama kuti asenze ndowa kumjigo. Anangoona mdima. Anadzidzimuka ali pakabaza, amayi ake akuthamanga pambuyo mpango uli m'manja, akulira dzina lake.

Kuchipatala cha pa esiteti anakumana ndi anesi a Lestina, mayi wamfupi wa magalasi amene sankadziwa kuzungulira polankhula. Anamutsegula chikope, namuyang'ana zikhato, namuboola chala. Atabwerako ndi zotsatira anakhala pansi n'kuvula magalasi.

“Magazi achepa kwambiri. Sikelo mwajomba kawiri. Mapiritsi aja mukumwa?”

Idah anayang'ana amayi ake. A Teleza anayang'ana khoma.

“Ndamva,” anatero anesiwo. “Nanga mukugona?”

Apa Idah anamasuka, nafotokoza zonse za miyendo, mmene zimayambira akakhala pansi, mmene zimathera akayenda, mmene zimakulira dzuwa likalowa. Ankayembekeza kuti amuseka. Koma a Lestina ankangogwedeza mutu ngati akumva nkhani yakale.

“Amenewo ndi matenda a miyendo yosakhazikika, timawadziwa bwino. Vuto silili m'mafupa, lili m'mitsempha, imalamula miyendo kuti iyende pamene thupi likufuna kupuma. Amakonda amayi apakati miyezi yomalizayi, makamaka magazi akachepa ngati anuwa. Tiyi mumamwa?”

“Katatu kapena kanayi pa tsiku. Wamphamvu.”

“Mayo ine! Ndiye mwathira palafini pamoto. Tiyi amathawitsa tulo, komanso mukamwera pa chakudya amatsekereza thupi kuti lisatenge zopangira magazi. Musiyeni kaye. Mapiritsi muzimwa tsiku lililonse ndi madzi, mukapeza gwafa kapena lalanje muzidyera limodzi. Sakulitsa mwana amenewa, amapulumutsa mayi. Bonongwe, nyemba, usipa, mazira, zisamasowe. Madzulo muziyenda pang'ono, muziwongola miyendo, muzigona nthawi imodzimodzi. Sizitha lero kapena mawa, koma zichepa, ndipo ambiri zimawathera akachira. Zikapitirira mudzabwerenso. Alipo woti azikuthowani ndi madzi ofunda?”

“Analipo,” anatero Idah.

A Teleza anakonza kukhosi. “Anesi, pepani. Ife kwathu timati ndi tsempho. Mwamuna wake anamusempha.”

“Amayi, ine miyambo sindinyoza. Koma matenda awa ndawaona pa agogo aamuna, ndawaona pa amayi amasiye oti mwamuna anamuika kalekale. Amenewo wawasempha ndani? Chimene ndikudziwa n'choti amakonda kutsata mtundu. Mayi akakhala nawo, mwana wamkazi amathanso kukhala nawo. Kwanuko kulibe wina anavutikapo chonchi ali ndi pakati?”

Idah anatembenukira kwa amayi ake, akukumbukira zimene anamuuza za miyendo yawo.

Pobwerera anayenda pansi pang'onopang'ono, mapiritsi ali m'kathumba. Atafika pakati pa munda wa tiyi, pomwe panalibe anthu, a Teleza anangokhala pansi m'mbali mwa njira, pa udzu wonyowa.

“Anati zimatha munthu akachira,” anatero ngati akulankhula okha. “Zanga zinatha nditachira iwe. Ine ndinkati zatha chifukwa bambo ako achoka.”

“Amayi, bambo anga anavomera?”

“Sanavomere. Anagwada pabwalo pomwe paja, anagwira miyendo ya atsibweni ako. Ankati Teleza, ine sindinakulakwire. Ine ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.” Kenako analira mokweza, kulira kwa pamaliro. “Anatumiza kalata kawiri kupempha kuti adzakuone. Ndinang'amba. Mayo ine, ndinang'amba!”

Idah anafuna kuwakalipira. Mawu anali atafika kale pakamwa, oti mwandilanda bambo, tsopano mwandilandanso mwamuna. Anatsegula pakamwa koma anangoti, “Inu munathamangitsa a Elson, koma amene ndinawapereka ndine. Anandifunsa ine, amayi. Sanafunse inu.”

“Pita,” anatero a Teleza akupukuta mamina ndi mpango. “Pita lero lomwe. Ine ndinkati ndidzapita mawa, mpaka ndinamva uthenga wa maliro.”

Idah anafika kukomboni dzuwa litapendeka, shifiti ya m'mawa itangoweruka. Nyumba za kumeneko n'zofanana zonse, zondandana, zitseko zobiriwira. Anachita kufunsa kawiri. Anamupeza Elson atakhala pakhonde akuchapa yunifolomu m'ndowa, ataonda, ndevu zitamera. Atamuona anaimirira, maso ake anathamangira pamimba, kenako anabwerera pa ndowa.

“Wabwera ndi botolo lina?”

“Ndachokera kuchipatala.” Idah anagwada pa simenti movutikira, dzanja lina litagwira mzati. Anafotokoza zonse, za magazi, za tiyi, za mapiritsi, za bambo ake. Elson ankamvetsera thovu likuuma m'manja.

“Ndiye lero wakhulupirira chifukwa anena ndi anesi,” anatero. “Ine ndinayenda nawe m'nthochi muja masabata onse aja, ndikuchokera ku makina, miyendo yanga ikuwawanso. Amayi ako sanandipweteke, Idah, iwo sandidziwa. Atsibweni ako sandidziwa. Koma iwe?”

“Ndinalakwa, bambo. Ndinali nditatopa, koma kutopa si chifukwa. Ndinanena pamaso pa anthu, ndikabwezanso pamaso pa anthu omwewo. Ndikayambira kumjigo.”

Amayi a nyumba zoyandikana anali atayamba kutuluka, wina ndi tsache, wina ndi mwana kumsana, onse ngati ali ndi zochita pabwalo. Elson anawaona, nafuna kumudzutsa mkazi wake, koma maso ake anaima pa chinthu china kumbuyo. Idah anacheuka. Kumapeto kwa bwalo, pomwe tiyi amayambira, a Teleza anali atagwada m'matope. Anali atamutsatira njira yonse osamuuza. Sanapotolokere kumbali monga mwa mwambo, anamuyang'ana mpongozi wawo m'maso.

“Bambo,” anatero mokweza kuti komboni yonse imve, “ine Teleza ndinakunamizirani. Simunamusemphe mwana wanga. Ndinamudwalitsa ndine ndi manja angawa. Bwererani kunyumba kwanu.”

Elson anatsika pakhonde, napita kukaima chapatali pang'ono, manja ali kumbuyo. “Dzukani amayi, anthu akuona. Ndakukhululukirani, ndipo ndikunena zoona. Koma pabwalo paja sindibwererapo. Ndinakhala pa njerwa ngati wakuba, popanda wanga ndi mmodzi yemwe. Akapitawo andilonjeza nyumba ya kumapeto iyo. Mwana wanga adzafikira mmenemo. Ngati Idah akufuna banja, banja lili kuno.”

Mawu amenewo anali olemera, ndipo onse atatu ankadziwa. Kwawo kwa Idah mwana wamkazi sachoka pamalo a amayi ake, nyumba, munda ndi nthochi zonse zija zinali zake. Komanso a Teleza analibe mwana wina. Idah anayang'ana amayi ake, tsitsi la imvi litanyowa ndi chiperoni, mawondo ali m'matope. Mtima unamuwawa kwambiri, koma sanadikire kuti wina amuyankhire.

“Ndikhala kuno, amayi.”

A Teleza anagwedeza mutu kangapo. Sanatsutse, sanatchule za mwambo. Anadzuka okha, akukana dzanja la Elson mwaulemu, nasasa chitenje chawo.

“Zovala zako ndikutumizira mawa,” anatero. “Mapiritsi oyamba aja ali m'chitini cha pamwamba pa kabati, sindinataye. Ndiikamo.” Anayang'ana mimba ya mwana wawo kanthawi. “Akadzabadwa mudzandiuzeko. Ndidzangomuona, sindidzanena kanthu.”

“Mudzabwera, amayi. Mudzamunyamula,” anatero Elson.

A Teleza anathokoza ndi m'manja, natembenuka. Elson anadzutsa mkazi wake, namukhazika pampando, nalowa m'nyumba kukayatsa mbaula. Idah anatsala pakhonde akuyang'ana amayi ake akukwera njira ya m'munda wa tiyi, okhaokha, osacheuka. Anawayang'ana mpaka mpango wawo unasowa m'nkhungu. Kumene ankapitako kunali nyumba ziwiri, ndipo zonse zinali zopanda munthu.